Mipopi Yodzitseka Yokha

Lolemba, 6 Okutobala

Pulambala wachoka kumene. Mipopi yonse ya m'nyumba yasinthidwa, kukhitchini, kubafa, ngakhale wa pasinki yochapira. Yatsopanoyi ndi yodina pamwamba. Madzi amatuluka ngati malovu, usanapake n'komwe sopo, zii, wadzitseka wokha. Amuna anga akuti imasunga madzi. "Dontho lililonse ndi moyo, mayi." Kuyambira lero dzina lawo ndi a Dontho, m'kabuku muno mokha. Wochapa pakhomo pano ndine, koma kundifunsa ayi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Apongozi adziipitsira m'mawa. Chiwagwireni sitiroko sadzuka, ndipo wowasambitsa, kuwatembenuza ndi kuchapa zofunda zawo ndi ine. Kale ndinkatsegula mpopi n'kumatsukuluza ndi manja awiri. Pano dzanja lina pa mpopi, lina pa nsalu. Manja akakhala ndi zonyansa ndimadina ndi chigongono. Kuti beseni lidzaze, madzi amene ndinatenthetsa aja apola kale. Ndinawapeza akunjenjemera pamatiresi opanda chofunda. Akuti, "Pepa mwanawe, ndakutopetsa." Ndinawafunditsa, ndinakalirira kubafa.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndawauza a D. Akuti n'kusazolowera chabe. "Vuto lanu mumasewera ndi madzi." Kusewera. Chabwino.

Loweruka, 11 Okutobala

Mpopi wa panja sanausinthe, lero ndadziwa chifukwa chake. M'mawa wonse paipi ili pa galimoto, madzi kuyenderera mpaka kugeti, eni ake akuimba likhweru. Ndinanyamula zofunda za apongozi kuti ndikachapire pomwepo. Anandibweza. Akuti aneba angaone, ndiwachititsa manyazi amayi. Ndinabwerera nazo kusinki. Matayala akuwala bwino ndithu.

Lamulungu, 12 Okutobala

Alamu, mlongo wawo wa a D., anabwera kudzazonda amayi awo. Kuchipinda anangosuzumira, kampango pamphuno. Nthawi yonse yotsala anali kukhitchini, achimwene awo akuwaonetsa mpopi ngati khanda lobadwa kumene. Ndinamva ndili pakhonde: "Mwachita bwino achimwene, alamuwa madzi amawayesa aulere." Kuseka onse awiri.

Potsanzika anandikokera pambali, akuti m'chipinda muja mukumveka kafungo, ndizilimbikira. Ndinati zikomo alamu, muyende bwino.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Dzanja lodinira mpopi latupa, kapu ikundipulumuka. Ndinamanga mpopi wochapira ndi mphira kuti usamadzitseke. A D. anadula ndi mpeni. "Mukufuna kuononga chinthu chatsopano?"

Lachinayi, 16 Okutobala

Kuchipatala andimanga bandeji, akuti lisagwire ntchito mpaka litaphwa. Nesi anafunsa ngati kunyumba kuli wondithandiza. Ndinaseka. Iye sanaseke.

Loweruka, 18 Okutobala

Apongozi adziipitsiranso. Ndinatuluka panja, ndinapeza a Dontho atagwira kale paipi yawo. Ndinakweza dzanja labandejili. "Amayi anu akudikira."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilendo. Anaimbira alamu, foni inangoitana. Anaimbanso. Kenako anatseka madzi, anapinda malaya, analowa.

Ndinamva apongozi akuti, "Usachite mantha, mwana wanga. Si ine ndinkakupukuta iwe?" Mtima unandiwawa chifukwa cha iwo, osati mwana wawoyo. Ndinawalozera pamene pamakhala sopo ndi thaulo, basi.

Pano ndakhala pakhonde, dzanja pamiyendo, ndikulemba ndi linalo, zilembo zokhotakhota. Zofunda zili pasinki. Ndikumva madzi akutuluka, zii. Akutulukanso, zii. Mwamuna amene sindinamumvepo akutukwana watukwana.

Aitana tsopano. "Mayi, tabwerani mudzangondidinira."

Tiyi wanga akadali wotentha. Ndimalize kaye.