Rosa Anawolotsa Moto

Amayi, kodi kumeneko kukucha bwanji?

Kuno nkhondo ikadalipo. Sitima ya ku Cuamba sitikuimvanso, mchere tinauiwala. Mkazi wa Armando, mdzukulu wanu uja, wabereka wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Akulemba ndi Armando yemweyo, poti ine sukulu sindinapondeko, ndipo sindidandaula. Ndamuuza asawongole mawu anga.

Chikuikireni m'manda tinathawira kutsidya kwa nyanja ya Amaramba, m'bango. Chinangwa chinatsala kumunda, timakazula pa bwato. Sabata yatha mvula inazimitsa moto msasa wonse, machesi kulibe. Kumunda tinapeza chitsa chikufukabe, ndinati tiwoloka nawo moto umenewu.

Nkhawa inali pa Rosa, mwana wa Armando wa zaka zinayi. Akangomva mawu achilendo amalira, ndipo pa gombe limene timadutsa pamakhala amfuti. Ponyamuka kumsasa tsiku limenelo mkazi wanga anati, "Inu abambo, musiyeni mwanayu, atiphetsa." Ndinakana. Inu Amayi simunandisiyepo pamtunda ndili mwana. Munkati mwana wongokhala m'bwato maso ake amasaka zoopsa, mpatseni chogwira.

Pobwerera ndinagawa ntchito. Akulu ake awiri, Zeka kukapa madzi, Luisa kutsogolo kuyang'ana mvuu. Rosa ndinamuikira phale pamiyendo, khala lili m'phulusa. Ndinati, "Mayi, moto wa anthu onse uwu. Uziuzira pang'onopang'ono. Ukazima tidya chinangwa chachiwisi."

Kunali nkhungu m'mawa umenewo, Amayi, madzi ndi thambo chinthu chimodzi. Bwato linkayenda ngati silikukhudza kanthu. Ndinkaona ngati msana wanu uli patsogolo panga, mukupalasa osacheuka. Kenaka tinamva amuna akuseka pagombe, zitsulo zikugundana. Ndinatukula nkhafi, tinangoyandama. Ndinamuyang'ana Rosa. Misozi mbwembwembwe, koma anawerama n'kumauzirabe, kankhope kakufiira ndi khala. Sanatulutse liwu mpaka kusekako kunatsala kumbuyo.

Titafika anthu anathamanga ndi udzu kudzapala moto. Rosa anakana kupereka phale. Akuti, "Aliyense apemphe kwa ine." Ngakhale a shehe a pamsasapo anachita kunjuta, "Zikomo mayi, tipaleko." Mkazi wanga sindinamukumbutse mawu ake aja. Ndinangotsokomola kawiri.

Mtima wanga sunachoke pa inu, Amayi. Mfuti zikadzatonthola ndidzabwera ndi ana onsewa kudzalambula pamanda panu, ndipo kakhanda kaja ndidzakapezera ntchito yake m'bwatomo.

Ine mwana wanu wosamva uja,
Bernardo