Nambala Yoona Ndi Iti: 47, 6 Kapena 31?

Lolemba, 12 Ogasiti

Andiyankha! Kampani ija yomasulira m'zipatala. Akuti ndizimasulira Chichewa pa vidiyo, dokotala uku wodwala uku, ine ndili phee m'chipinda changa muno ku Randburg. Ikatheka imeneyi, zokolopa nyumba za eni ku Midrand zatha, mawondo anga apumeko.

Koma akufuna intaneti yosachepera 20. Ndiyeze liwiro lake pa webusayiti, ndijambule nambala, ndiwatumizire. Kenako Loweruka 2 koloko masana adzandiyesa pa vidiyo. Ikadzaduka, ntchito yapita.

Ndayeza pa kalaputopu kanga. Singano yazungulira, 47! Ndavina ndekha. Ndati ndibwereze kuti chithunzi chioneke bwino. 6. Kachitatu, 31. Mpando womwewo, waifai yomweyo, tiyi asanazizire n'komwe.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

M'mawa 52. Pobwera kuntchito 4. Ndayesa webusayiti ina, yati 18, ya dzulo ija nthawi yomweyo ikuti 29.

Sikelo ya pamsika ikamanama umadziwa kuti wogulitsa ndiye akudyerapo. Nanga iyi ikunama kuti apindule ndani? Kapena wonama palibe, wopusa ndine?

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndinapita ku Fordsburg kwa Suwedi, wa ku Mangochi uja wokonza mafoni. Waseka mpaka kugwetsa kasikuludiraiva.

"Eish, Fyness, tesitiyo imangoyeza kamphindi komweko, kufika pa makina a pompano mu Joni. Zili ngati kuyenda pa msewu wa M1 Lamulungu m'mawa n'kumauza anthu kuti kuno kulibe trafiki."

Ndamufunsa kuti ndiye intaneti yanga ndi ingati. Akuti zitengera nthawi, khoma, rauta (kamakina kogawa waifai), ndi anthu amene ali pa waifaiyo. Pabwalo pathu tilipo Amalawi asanu ndi awiri, tonse pa rauta imodzi ya alandilodi.

"Ndiye nditumize iti?"

"Yaikuluyo. Aliyense amatero, mara usanene kuti ndakuuza ndine."

Ndatumiza ya 47. Ya 52 ndinaiona ngati yonyanya. Sindinaname, nambalayo inatulukadi, koma ndikudziona ngati ndaba.

Lachinayi, 15 Ogasiti

38, 9, 9, 41. Ndasunthira tebulo pawindo, 22. Ndalibweza, 35. Mutu ukuwawa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Pabwalo pagwa zovuta. Amayi awo a Elia amwalira ku Ntcheu. A Elia, alonda aja a chipinda choyamba, amene anandilandira kokwerera mabasi ku Park Station nditangofika ndi chikwama chimodzi. Kupita sangathe, basi imatenga masiku awiri ndipo maliro ayikidwa mawa. Mdzukulu wawo kumudziko adzaonetsa mwambo wonse pa vidiyo ya pagulu, ife tidzakhudza kuno.

Akuti adzanyamuka kupita kumanda cha m'ma 2 koloko.

Ndakhala nawo madzulo onse, ndaimba nawo, koma m'mutu muli manambala okhaokha. Manyazi andigwira. Munthu ungayambe bwanji kunena kuti chepetsani maliro, ine ndili ndi intaviyu?

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndilembe zonse ndisanazisokoneze.

Kuyambira 12 koloko azibambo anakhala panja pa makireti, azimayi m'chipinda cha a Elia pamphasa, monga timachitira kwathu. Anabweranso ena a ku tchalitchi, onse anapatsidwa pasiwedi ya waifai. Poti sikirini ya foni ndi yaing'ono, aliyense analowa pa yake. Nyimbo imodzi inkamveka kasanu ndi kawiri, foni ina patsogolo ina pambuyo.

Hafu pasiti wani ndinazemba kukayeza. 3. Ndinabwereza, 2.

A Catherine, akazi awo a Elia, anandipeza ndikulira pa laputopu. "Limba mtima mwanawe, agogo apuma," anatero akundisisita pamsana. Apa ndiye ndinalira zenizeni, n'kuwauza zoona zake. Anangotuluka. Ndinati basi, ndadzichotsa ulemu.

Kenako ndinamva a Elia panja: "Zimitsani mafoni nonse. Maliro ndi amodzi, mafoni onsewa ndi a chiyani? Azimayi tulukani ndi mphasa, tionere pamodzi." Anaika foni yawo pampando, atayitsamiritsa ku botolo. Anthu anaunjikana, amuna ndi akazi, zimene kumudzi sizikanachitika.

Kutatsala mphindi zisanu ndinayezanso. 12. Osati 20, osati 47. 

Vidiyo inalowa 2 koloko ndendende. Mayi wa ku kampani anakhala ngati dokotala, mnzake wa ku Zomba ngati wodwala shuga. Mphindi makumi awiri ndi zisanu, osaduka ngakhale kamodzi, mawu mbee. Pa 12! Mayiyo anafunsa ngati kunja kukuimbidwa nyimbo, ndinati eya, tili ndi maliro. Anapepesa, kenako anati ndiyambe Lolemba.

Ndinamanga chitenje n'kuthamangira panja. Ndinapeza onse atazungulira mpando uja. Chithunzi pafoni chinali chitaima: anyamata atagwira zingwe, bokosi lili pakamwa pa manda, kachizindikiro kodikira netiweki kakungozungulira pakati. A Catherine anandinong'oneza kuti chaima choncho kwa nthawi ndithu. Pamene chinayambanso kuyenda, anthu anali akuyala nkhata pa mtumbira.

A Elia sanaone amayi awo akutsitsidwa.

Ndine kodi? Vidiyo yanga ndiyo inadya intaneti yonse? Ndinagwada pafupi nawo. Iwo maso ali pafoni anati, "Ndi netiweki ya ku Ntcheu imeneyo, mwanangu, imatero. Ntchito wapeza?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Sharp. Amayi akanakondwa."

Mwina ndi ya ku Ntcheu, mwina ayi. Palibe tesiti imene ingandiuze. Ndinalowa m'chipinda, ndinazimitsa waifai pa laputopu ndi pafoni yomwe, n'kubwerera kukakhala pamphasa kumapazi kwa a Catherine.