Mwana Wanga Sindinamugwirebe

Lolemba, 3 Malichi
Mwana wafika kuchokera kuchipatala. Wamkazi. Ine kumuonera pakhomo ngati munthu wodzapempha mchere. Apongozi akuti ndisamugwire, ati zakuntchito kwanga zimamatirira m'zovala. Iwowo anaziona liti?

Lachiwiri, 4 Malichi
Ntchito yanga n'kuika timapepala ta kaboni m'makina, basi. Topyapyala, ukapumira pafupi tang'ambika. Makina akamatiwombera ndi tizinthu tawo tothamanga, ati ma ayoni, ine ndimakhala kunja, chitseko chachitsulo chili chotseka. Ndafotokoza zonsezi. Apongozi: "Nanga amatsekeranji ngati n'zabwino?" Mkazi wanga maso pansi.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndafunsa adokotala a zasayansi, eni ake makinawo. Funso limodzi: mwana ndimugwire kapena ayi? Aseka, ati palibe vuto, kenaka ayamba zawo. Ati kapepala kakapendekeka, ma ayoni amatuluka akuzungulira mbali imodzi, kuwala kwake nakonso kumapotokera komweko. Mpaka kujambula pabolodi. Pomaliza, ati mawa ndikapendeketse kwambiri.
Ndiye apongozi ndikawauze kuti kuwala kwapotoka? Anthu a sukulu awa.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndang'amba timapepala titatu. Mutu suli pantchito. Ndikugona pampando pabalaza, zovala zanga pakhonde ngati za wakhate. Mwana akalira ndimamvera kukhoma. Nyumba yangayanga.
Koma bwanji ngati apongozi akunena zoona? Ndasamba mpaka khungu kuthetheka.

Lachiwiri, 11 Malichi
A Ndevu, okonza mawaya kuntchito, andibwereka kachipangizo koyezera mphamvu yoopsa ya m'makina imene apongozi akuiopayo. Ati kakapeza zoipa kamalira mosalekeza. "Koma mphwanga, te te wa apo ndi apo ali paliponse, usathawe nyumba."

Lachitatu, 12 Malichi
Ndakayatsa onse akuona. Pamalaya anga: te... te. Apongozi kudumpha, ati mwadzimvera nokha. Ndakaika patebulo, chimodzimodzi. Pakhoma, chimodzimodzi. Pansalu yawo: te... te. M'malo momvetsa, ati ndawapatsira. Ayamba kulongedza, ati mwana ndi mayi ake apita nawo kwawo lero lomwe.
Ndikanayankhula zoti ndikanadandaula nazo.
Mkazi wanga, amene sabata yonse anali duu, wadzuka. "Amayi, mukapita mupita nokha. Mwanayu ndi wa awa." Wandiika mwana m'manja.
Wopepuka. Makutu anga enieni, kupindika komwe.
Wandikodzera pachifuwa. Apongozi akadali pakhomo ndi chikwama chawo, sakulowa, sakutuluka. Aime choncho. Mwana wagona. Malaya sindivula, angadzuke.