Chigamba cha Paphewa

Namacula, Lichinga
14 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndakulonjerani ndi manja awiri. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha Lichinga chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa. Kalatayi akuwerengereni mlongo wanga Noémia muli awiriwiri. Foni ndaleka dala, chifukwa masiku ano ndikaimba amayankha ndi achimwene Felisberto.

Uthenga wanu unandipeza, woti achimwene afika ndi makina osokera, ati mphatso yanu, ndipo mwawaphera tambala. Amayi, nkhani ya makinawo si yabwino. Khalani pansi ndikuyambireni poyambira.

Mwezi wathawu ndinaitanidwa kukaika kamera yoonera akuba panyumba ya Dona Célia, telala wa konkuno ku Namacula, amene amasokera pakhonde la kuseri. Kamera yotere kuti ione mumdima imafuna nyale yakeyake, yotchedwa infravermelho. Kuwala kwake ife anthu sitikuona, imaona ndi kamera yokha. Nyaleyo saigundiza ndi kamera ayi. Imafunika chakumbali mamita awiri kapena atatu, pamwamba, yoweramira pabwalo, yosayang'ana khoma.

Zonsezi ndinawafotokozera amuna awo, bambo Calisto. Anakana, ati safuna waya woyenda pakhoma lawo lopaka kumene laimu ngati chingwe choyanikapo zovala. Anati ndiimangirire pambali penipeni pa kamera, kunsi kwa denga. Ndinawachenjeza kuti khoma loyeralo lizibweza kuwala, nkhope ya munthu izingooneka mbuu ngati wagwera mu ufa, komanso akangaude azimanga pagalasi. Anandifunsa ngati nyumbayo ndinamanga ndine. Ndinangochita zofuna zawo.

Tsiku limenelo achimwene, amene panthawiyo ankakhala kwanga kuno, anandiperekeza, ati akufuna kuphunzira ntchito. Iwo ankagwira makwerero, ine pamwamba ndikung'ung'udza kuti kamera iyi taichititsa khungu, ngakhale wakuba atamwetulira siingamudziwe. Ndinkayesa ndikudandaulira m'bale wanga.

Patapita masabata awiri makina a Dona Célia anasowa. Kamera inaonetsa munthu atawasenza, kuyambira kumutu kulekeza m'chiuno, nkhope yosaoneka monga ndinanenera, chovala choyera mbee. Basi, mlandu unathera pa kuyerako. Mlonda wawo ndi Che Ibraimo, mkulu wa Chiyao amene savala china koma mkanjo woyera. Tsikulo anapempha kukagona kumaliro ku Assumane, koma bambo Calisto akuti malirowo anali chonamizira. Anawachotsa ntchito anthu akuona, n'kumwaza chithunzicho m'mafoni a bairro lonse, dera lathu lino la Namacula. Munthu walondera pakhomopo zaka khumi ndi chimodzi osatola ngakhale singano! Lero ana akuwakuwiza pamsewu, ndipo Lachisanu lapitali kumzikiti sanapite chifukwa cha manyazi.

Kenaka bambo Calisto omwe aja, opanda ndi manyazi omwe, anandiitananso kuti ndikakonze nyale yanga yachabechabe. Yanga! Ndinaichotsa n'kukaimangirira pamtengo wa mapeyala monga ndinkafunira poyamba. Kutangoda ndinayenda pabwalo kuti ndiyese. Nkhope yanga inaoneka bwinobwino mpaka ndevu. Koma juzi yanga yakuda ija pachithunzi inali yoyera. Nyale imeneyi sidziwa mitundu monga maso athu. Nsalu zina zakuda imazionetsa zoyera. Zimenezi anatiphunzitsa kalekale, koma ine chitsiru ndinakhala duu masiku onsewo mkulu uja akunyozedwa, osazikumbukira.

Ndinabwerera ku chithunzi cha wakubayo, kuchiyendetsa pang'onopang'ono n'kumachiimitsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Paphewa lamanzere la chovala choyeracho panali chigamba chakuda cha makona atatu.

Amayi, chigamba chimenecho ndikuchidziwa, nanunso mukuchidziwa. Munachidula ku kapulana wanu wakale, chitenje chija, n'kuchisoka ndi singano ya m'manja pa jekete lakuda la malemu bambo, paja linapsa ndi mbaula. Jeketelo munawapatsa achimwene pobwera kuno kuti asafe ndi chisanu. Ndipo makinawo atasowa usiku, m'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza mphasa yawo ili yokhayokha. Anangosiya mawu kwa oyandikana nawo kuti tauni yawakanika, abwerera kumudzi.

Zandinyansa, sindibisa. Miyezi itatu adya m'mbale mwanga, ndawatenga pantchito panga, ndawalowetsa pakhomo la eni ndi dzina langa. Iwo n'kutola mawu a pakamwa panga kukabera mayi amene amadyetsa ana ake ndi makina omwewo. Chondinyansa koposa n'chakuti abwera nazo kwa inu, n'kukuvinitsani ndi katundu wakuba, akudziwa kuti mwakhala mukulakalaka makina kuyambira tili ana. Tambala uja anawatsika bwanji pakhosi?

Bambo Calisto nawonso akundinyansa, poti ndi khoma lawo lokongolalo lomwe linabisa nkhope. Koma za iwowo ndithana nazo ndekha.

Dzulo ndinakumana ndi Che Ibraimo pamsika. Awonda, Amayi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundithokoza, ati amva kuti ndakonza nyale ija, ndiye mlonda wobwera pambuyo pawo sadzanamiziridwa. Anatinso ndikapereke moni kwa mayi amene anandilera. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka la sabata yamawa nkhaniyi ikukambidwa kwa akuluakulu a bairro, ndipo bambo Calisto akufuna mkulu uja akavomere pagulu kuti anaba. Manuel, dalaivala wa chapa, minibasi ija, amene wakupatsirani kalatayi, anyamuka kwanuko ku Mecanhelas Lachinayi. Mukulunge makinawo mumupatse, pamodzi ndi jeketelo. Achimwene akwere nawo adzalankhule ndi pakamwa pawo. Ndidzaima pambali pawo, mwina eni ake angamve chisoni. Achimwenewo akakana kubwera, katunduyo abwere yekha. Mpaka lero sindinauze munthu, koma Lowerukalo ndikanena zomwe ndaona, kaya abwera kaya sabwera. Musanditumizire amalume kuti adzandinyengerere za dzina la banja. Che Ibraimo nawonso ali nalo dzina.

Ndikudziwa kuti kalatayi ikupwetekani, ndipo mwina mundikwiyira ine amene ndalemba. Kwiyani, ndipirira.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga ndi ana awo onse, ndi kwa Noémia amene wavutika kuwerenga zoipazi. Ndamva kuti munayamba kumusokera diresi pamakinawo. Muichotsepo, Amayi, muimalize ndi manja. Zonse zimene munatisokera ndi manja tinavala popanda kuweramitsa mutu.

Ndine mwana wanu,
Nazário