Makapu Obwereka

Lolemba, 13 Januwale 2025

Ndabwerako kusukulu kolandirira chimanga cha boma, thumba lopanda kanthu monga ndinapitira nalo. A Manasseh a komiti awerenga maina onse, langa ayi. Ndadikira mpaka anthu atha, ndimati kapena masamba amatana. Akuti, "Mama Yunike, mndandanda ndi watsopano. Chaka chino akupatsa ovutikitsitsa okha. Kafunseni ku boma."

Ovutikitsitsa! Nanga ine ndine ndani, mwini sitolo?

Thumba ndalipinda ndi kulibisa m'khwapa. Panjira aliyense katundu pamutu, ine manja lendelende.

Lachiwiri, 14 Januwale

Mvula tsiku lonse. Sindinalankhule ndi munthu, kupatula mbuzi ya eni imene ndinaithamangitsa m'khitchini. Chimanga kumunda chikadali m'mawondo, ufa m'ndowa watsala wa pansi penipeni.

Lachinayi, 16 Januwale

Ku Lundazi. A Danwell, mlimi wamkulu wa m'mudzi muno, anditenga pa galimoto yawo popita kukagula fetereza. Mu ofesi kamtsikana kayang'ana pa kompyuta, kakuti, "Amai, mu Novembala tinabwela kunyumba kwanu. Apa tinalemba: nyumba ya malata, mipando inayi, akudya katatu pa tsiku, mwana ku Lusaka amatuma ndalama. Si ndimwe munakamba?"

Ndine ndithu. Mayo ine!

Tsiku lija nditamva kuti kukubwera alendo a boma ndinathamangira kwa Beatrice, mnansi wanga, kukabwereka mipando, makapu ake amaluwa ndi kashuga. Nkhuku yotsala ndinapha. Amayi anandilera kuti mlendo sachoka ndi njala, ndipo umphawi sauyanika pabwalo. Tsono atafunsa kuti mumadya kangati, ndikanati kamodzi, nkhuku ili m'mbale? Ndinati katatu. Za Luckson ndinakometsa dala, mwana wanga asanyozeke kwa anthu osamudziwa. Anadya, ananyambita zala, "Yewo chomene, mama," n'kukandifufuta m'buku.

Sindingawanene, analemba zomwe anaona. Akuti ndingathe kudandaula, koma adzayang'ananso mu Epulo. Epulo! Kodi m'mimba mumadziwa kalendala?

Loweruka, 18 Januwale

Ndaimbira Luckson katatu, foni ikungolira. Mwina ali pantchito. Mwina.

A Amock amuna anga, mukanakhala moyo mukanaseka mpaka kutsokomola, mukanati, "Yunike, ulemu wakowu udzatigoneka ndi njala." Lero ndakusowani, sindikubisa. Malata munandisiyirawa mvula ikamagwa amasokosa ngati muli anthu, ikangosiya m'nyumba muli zii.

Lamulungu, 19 Januwale

Kutchalitchi alengeza kuti amayi a chigwirizano asonkha chimanga cha amasiye ndi okalamba, ofuna aimirire alembedwe. Ndinagwira benchi kuti ndinyamuke. Kenako ndinayang'ana bulauzi yanga yoyera ya chigwirizano, ine amene zaka khumi ndakhala ndikusenza mbale kupita kwa odwala. Miyendo inakana. Anaimirira asanu, ine ndinangoimba nyimbo mokweza kuposa onse.

Chitsiru cha mkazi. Kawiri konse!

Lachiwiri, 21 Januwale

Ganyu yopalira kwa a Danwell, malipiro ake gaga ukamaliza ndime. Mizere itatu yokha m'maso munachita mdima, ndinakhala pansi. Ndawauza kuti ndi mutu chabe. Akuti kapumeni mama, mudzabwere mukachira.

Ufa unatha dzulo. Lero chibwabwa, masamba a maungu, chopanda mchere ndi mango awiri aawisi owiritsa.

Lachitatu, 22 Januwale

Beatrice wabwera m'mawa kudzatenga makapu ake. Awiri anatsalira kuno chiyambire Novembala, ndipo mawa akulandira apongozi ake.

"Monire, amake Luckson."

Ndalowa kuti ndikatenge, iye pambuyo panga mpaka m'khitchini, odi sadziwa ameneyu. Waona mafuwa ozizira. Waona ndowa ya ufa nditaivundikira pansi.

"Mwadya?"

Pakamwa panali patayamba kale pokha, "Eee, nda..." Ndayang'ana makapu m'manja mwanga, amaluwa aja, omwe anandidyera chimanga.

"Sindinadye, amake Fiskani. Nsima ndinailawa Lolemba. Ku boma anandichotsa."

Mawu atuluka aang'ono ngati si anga. Iye wangoti, "Aa-aa!"

"Ndiye mipando yanga ija ndi imene inakuchotsetsani? Inu amayi inu! Nyumba zathu zikuyang'anana, mukufera muno mwakachetechete ngati tilibe makutu?"

Watenga kapu imodzi, ina wandisiyira. Watola ndowa ija, waigogoda, waiika pamutu.

"Tsekani chitseko. Kapuyo bwerani nayo, mukamwere kwathu. Ndipo mawa ku chigwirizano mukapanda kuimirira nokha, ndikakunyamulani ine."

Ndamwa phala makapu atatu pakhonde pake, ndikulira ngati mwana, iye akunamizira kusesa.

Pobwerera anafuna kundisenzera, ndakana. Ndowa ndasenza ndekha, ufa wa eni mpaka pakati, dzuwa lili pamutu, kudutsa pachitsime pomwe panali amayi asanu ndi mmodzi. Mkazi wa a Manasseh wafunsa, "Mwachokera kuchigayo, mama Yunike?"

Ndati ayi, ndachokera kopempha.