Sabata Yanga ya Dima

Lolemba, 13 Januwale

Yafika sabata yanga! Pa Dima la Mchinji tilipo asanu, aliyense ndi bulogu yake, ndipo sabata iliyonse tonse timasheya nkhani za munthu mmodzi, ngati mmene bambo ankaitanira anthu kudzapalira munda umodzi. Nzeru imeneyi inatuluka m'mutu uno, pa njinga ya kabaza iyi, ngakhale Dyna amati tinaganiza tonse. Chabwino, mphunzitsi satsutsidwa.

Ya Dyna ndinaisheya mpaka foni kutentha ngati mbaula. Ya Elias, ya mitengo ya mtedza ija yogonetsa tulo, ndinaiwerengera ngakhale makasitomala pamsana. Lero ndaika yanga pa bulogu yanga ya Zapaboda: matalala a ku Mlonyeni, aakulu ngati maungu, fodya yense sefa. Mawa Lusaka yonse indidziwa.

Lachitatu, 15 Januwale

Zii. Washeya ndi mlamu wanga yekha, nayenso mwina chala chinangotereraka. Ndafunsa pagulu kuti makasu athyoka kodi? Dyna: "Tikambirana Lachisanu, a Vitus." Elias waika kachithunzi ka dzungu. Ndaseka nawo, koma.

Lachisanu, 17 Januwale

Tinakumana pa Kamwendo, kuseri kwa golosale. Kuli bungwe lina la ku Lilongwe, akuti likufuna kulumikiza mabulogu athu ndi a maboma ena. Abwera Lachinayi kudzationa. Koma akufuna nkhani "zotsimikizika." Dyna walitchula liwu limenelo kangapo akuyang'ana nsapato zanga.

Ndati matalala anagwa kapena sanagwe? Elias akuti, "Anagwa, achimwene, koma ngati nsawawa." Ndati nanga nsawawa ndani angatsegule foni kuti aiwerenge? Ndiwo zopanda mchere amadya ndi odwala.

Ndiye agwirizana chonchi: ine ndizitumiza mavoisi, poti ndimayenda ponseponse, Dyna azilemba bwinobwino, nkhani izituluka m'dzina la gulu. Sabata yanga? "Tiyiimike kaye." Akweza manja onse. Elias yemwe uja, amene ndinamuphunzitsa kujambula osatseka kamera ndi chala, dzanja m'mwamba ngati ali mu kwaya.

Ndawalipirira mandasi kuti asaone nkhope.

Loweruka, 18 Januwale

Ndatumiza voisi imodzi, ya matenanti a ku esiteti amene chigafa chinawagwera. Ndione.

Lamulungu, 19 Januwale

Yatuluka. "Alimi ena ataya fodya chifukwa cha mvula." Basi. Mulibe a Zakeyu, tenanti amene anathawa atanyamula wailesi n'kuiwala nsapato, mulibe nkhuku inaikira dzira pamwamba pa chigafa chogwacho. Dzina langa ndalisaka mpaka pansi penipeni, mwina tilembo tating'ono. Ayi ndithu.

Potuluka m'tchalitchi ku Guilleme mayi wina wandikoka malaya: "A Zapaboda, mwadwala? Simukutiseketsa." Ndati ndili pa holide, mayi, ngati nduna.

Mkazi wanga Anastazia kunyumba sanandinyengerere. Akuti, "Munapalira minda ya anzanu yonse, wanu wamera nsongole. Ndinakuuzani, dima amayamba ndi kuona ngati mwini munda adzabwere kwanu." Mkazi ameneyu akanakhala ndi bulogu tonse tikanatseka.

Lachiwiri, 21 Januwale

Pansi pa bulogu iliyonse pamakhala mayina a anzathu, kuti wowerenga akamaliza kwa uyu adumphire kwa uyo. Lero Zapaboda palibe. Kwa Dyna palibe, kwa Elias palibe. Kwanga onse anayi alipobe, ndawayang'ana nthawi yaitali. Sindinawachotse. Sindikudziwa kachotsedwe kake, amene anandiikira ndi Dyna.

Lachitatu, 22 Januwale

Chimvula. Kamlatho ka njira yachidule yochokera ku Chiosya kapita ndi madzi, ndadzionera ndi maso. Dyna wayimba: "A Vitus, kuli zotani kumeneko? Tumizani voisi." Ndati netiweki. Ndalemba ndekha pa Zapaboda, popanda mchere ngakhale kambewu: mlatho wakokoloka, zungulirani. Ndaponya linki pagulu. Aona onse, timizere tabuluu. Wosheya palibe.

Lachinayi, 23 Januwale

M'mawa ndinapita kukaima pamlatho paja, kubweza anthu. Ndikuona tsidya lina munthu wa jekete, tayi, njinga yakapalasa paphewa, matope mpaka m'mawondo. Elias! Akuthamangira alendo a ku Lilongwe.

Wakuwa: "Achimwene! Bwanji osatiuza?"

Ndati ndinalemba dzulo.

"Ndinaona, koma Dyna anati tidikire titsimikize kaye!"

Ndati ndiye tsimikizani, mtsinje ndi umenewo.

Anthu aseka mpaka mayi wina kugwetsa dengu la tomato. Ine ndinayamba kuseka, kenako ndinasiya. Wandipempha ndizungulire ndikamutenge pa njinga yamoto, akuti popanda iye msonkhano uwonongeka, "ndife gulu limodzi." Ndamufunsa kuti sabata ino ndi ya ndani. Wangoyang'ana madzi.

Ndamujambula ali choncho, tayi ikuuluka. Chithunzi chabwino kuposa zonse ndinajambulapo, sichikufunanso mchere. Chili mufoni muno. Njinga sindinailize.