Mpopi wa Sintayehu, makina a Hirut

Lolemba, 2 Disembala

Ndikunena ndine Askale, akulemba ndi amuna anga a Getahun, chifukwa ine sukulu ndinaisiya ndisanazolowerane ndi zilembo. Lembani ndendende, bambo, osathiramo zanu.

Ana anga ndi awa. Woyamba Sintayehu, injiniya wa zamadzi ku Addis Ababa. Ndiye anandikokera mpopi mpaka m'khitchini muno mu Dire Dawa. Wachiwiri Hirut, namwino ku Italiya. Chaka chatha ananditumizira makina ophikira khofi, onyezimira ngati galimoto ya ukwati. Wotsiriza Tewabe, mphunzitsi ku Harar. Sanatumizepo kanthu koma amaimba foni.

Makina aja lero atsokomola.

Lachitatu, 4 Disembala

Khofi akungodontha ngati misozi ya pamaliro a munthu wosamudziwa. A Getahun asuzumira m'kati, akuti mwayera mbuu, mwauma gwa ngati njereza. Akuti ndi madzi a pampopi. N'zoona, madzi a kuno ngakhale sopo sachita nawo thovu, ndipo maketulo awiri ndi ayironi tinaika kale m'manda.

Hirut ananeneratu kuti ndizithiramo madzi a m'botolo. Ine ndizigula madzi ngati mayi wopanda mwana injiniya? Ndinavomera pafoni, n'kumatunga pampopi.

Choipa n'chakuti Loweruka ndi tsiku langa lolandira amayi a mumsewu muno kudzamwa khofi. Mayi Lakech a nyumba yoyandikana nafe akhala akudikira imfa ya makinawa chifikireni.

Lachinayi, 5 Disembala

Ndathiramo madzi odalitsidwa a kutchalitchi. Makina abuula, alavula timiyala toyera, basi. A Getahun akuti madziwonso amatuluka m'nthaka yomweyi. Zimenezo musalembe.

Lachisanu, 6 Disembala

Khofi satuluka, koma makinawo ukawadina amabangulabe. Ndiye nzeru ndaipeza. Ndidzakazinga khofi mawa m'mawa mazenera ali otseka, n'kuphika m'jebena, kamtsuko kanga kadothi kaja, kuseri kwa chitseko cha khitchini. A Getahun azidina makina kuti phokoso lizimveka pabalaza.

Akana. Akuti zaka zonse zimene anagwira ntchito kunjanji sananamepo. Ndawauza kuti simukunama, mukudina.

Loweruka, 7 Disembala

Anabwera onse. Ndinafukiza lubani, ndinaika mbuliwuli. Kukhitchini makina anabangula mpaka makapu kunjenjemera, ine n'kutuluka ndi khofi pathireyi.

Mayi Lakech analawa, anatsinzina. "Mayi a Hirut, uyu ndiye khofi! Tinene chilungamo anzanga, uja munkaphika m'jebena tinkangomwa mwaulemu."

Ndinamwetulira.

Pa kapu yachiwiri wina anati khofi wanga wakale ankanunkha utsi. Winanso anati ankamudwalitsa m'mimba. Khofi wake yemweyo ali m'manja, akunyambita milomo! Ndinawathirira wina.

Pa kapu yachitatu Mayi Lakech anati, "Mwana wanu anakuchotsani manyazi. Dzanja la khofi si aliyense amabadwa nalo."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinalowa m'khitchini, ndinatuluka ndi jebena akufuka nthunzi, n'kumukhazika pakati pawo. Ndinati dzanja lake ndi ili, makinawo anafa Lachinayi.

Pabalaza panangoti zii. Koma a Getahun kukhitchini kuja anali atapereka msana, sanaone kanthu. Anadinanso. Makina anabangula, kubangula, kubangulabe.

Mayi Lakech anapukuta pakamwa. "Kawauzeni bambowo apumule, agwira ntchito."

Amayi onse anaseka mpaka wina kutayira khofi pa diresi. A Getahun akuti ndime imeneyi salemba. Lembani.

Lamlungu, 8 Disembala

Sindinapite kutchalitchi. Mutu.

Lolemba, 9 Disembala

Mayi Lakech ali ndi mdzukulu ku Italiya, ndiye nkhani yafika kale. Hirut waimba. "Amayi, munkathiramo madzi anji?" Ndinati a mchimwene wako. Sananene zambiri, anati ndiimbanso.

Kenako waimba Sintayehu, mawu ali pamwamba. Akuti madzi ake alibe mlandu, anthu a mzinda wonse amamwa osafa, makinawo ndiwo ofooka ngati amene anawatumiza. Hirut waimbanso, akuti munthu wophunzira zamadzi sakanawaikira mayi ake mpopi wotulutsa miyala. Ine ndangoti eya kwa aliyense.

Lachitatu, 11 Disembala

Hirut akuti abwera yekha ndi mankhwala osungunula miyalayo, kuti mchimwene wake adzaone ndi maso. Sintayehu akuti abwera ndi sefa ya pampopi, komanso kabotolo koyezera madzi pamaso pa mlongo wake. Tewabe akuti nkhondo imeneyi sangaimvere pafoni.

Chichokereni Hirut, ana atatuwa sanadyerepo mbale imodzi. Ndinadandaula, ndinalira, ndinanamizirapo kudwala, osabwera.

Masana ano ndinapeza a Getahun akufinyira mandimu m'makina. Akuti anamva kumsika kuti mandimu amadya njereza. Ndinawalanda, ndinatsuka msanga, ndinathiramo madzi a pampopi n'kuvindikira ndi nsalu. Asawakhudze munthu, angachire ana asanagule matikiti.

Tsopano lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mukatero mukafunse mtengo wa nkhosa. Ana onse a Askale adzakumana m'nyumba muno Lachiwiri pa 7 Januwale, tsiku la Khirisimasi yathu.